Maulendo a Anthu a kwa Zulu: Ku Mkaika Dzuwa Lisanakule, ku Mtenguleni Dzinja Lili Pakati

Nkhani ya sabata ino ikuchokera kumadzulo kwa dziko lino, m'boma la Mchinji, m'dera la Inkosi Zulu, kumene msewu wa phula wochokera ku Lilongwe umatsala pang'ono kulowa m'dziko la Zambia. Ikukamba za maulendo amene anthu a kumeneko amayenda chaka ndi chaka kukaona miyambo ya makolo awo, ndiponso za nyengo imene maulendowo amagwera. Omvera a ku Nsanje, a ku Karonga ndi a m'mbali mwa nyanja, amene amalidziwa dzuwa la Okutobala kuposa wina aliyense, apezamo zowakhudza. Koma kuti nkhaniyi imveke bwino, iyamba yapatukira kaye kudziko lina lakutali, kumene gule ndi kutentha zimafika mwezi umodzi.

Dziko la Japan si lachilendo kwenikweni kwa Amalaŵi. Kuyambira chaka cha 1971 anyamata ndi asungwana a kumeneko akhala akubwera kudzagwira ntchito modzipereka m'sukulu ndi m'zipatala za dziko lino, ndipo galimoto zambiri zoyenda pa msewu wa ku Mchinji zinapangidwa komweko. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pamene ku Dedza anthu akuotha moto m'mwezi wa Julayi, ku Japan kumakhala kukutentha moopsa. Kutentha kwake n'kwa nthunzi, konga kwa pambali pa mbiya ya mowa ukuwira, ndipo sikuleka ngakhale usiku. Mu Julayi 2018 mumzinda wa Kumagaya, kufupi ndi Tokyo, kunatentha mpaka madigiri 41.1, ndipo chaka chilichonse anthu ambiri, makamaka okalamba, amathamangira nawo kuchipatala atakomoka ndi kutenthako.

Chodabwitsa n'chakuti miyambo yawo ikuluikulu imachitika nyengo yomweyo. Mumzinda wakale wa Kyoto muli mwambo wa Gion, umene unayamba m'chaka cha 869 ngati pemphero lothamangitsa mliri. Pa 17 ndi pa 24 Julayi amuna amakoka ndi zingwe ngolo zazikulu zamatabwa, zina zolemera matani oposa 10, kudutsa nazo m'misewu dzuwa likuswa mtengo. Kumpoto, ku Aomori, kumene kumazizirirako pang'ono, kuyambira pa 2 mpaka pa 7 Ogasiti amayendetsa usiku zifanizo zikuluzikulu zamapepala zoyaka nyali m'kati, pamwambo wotchedwa Nebuta. Koma umene umagwedeza dziko lonse ndi Obon, wa pakati pa Ogasiti. Iwo amakhulupirira kuti masiku amenewo mizimu ya makolo imabwera kudzacheza pakhomo. Choncho ogwira ntchito m'mizinda amabwerera kwawo, amakasesa kumanda, amayatsa moto wolandirira mizimuyo ndi wina woiperekeza, ndipo madzulo amavina pabwalo. Sitima zimadzaza mpaka ena kuyenda choimirira.

Amene ali ndi kangachepe m'thumba amaphatikiza ulendowo ndi kuthawira kumapiri. Malo odziwika kwambiri ndi Karuizawa, amene anatchuka mmishonale wina wochokera ku Canada, Alexander Croft Shaw, atafikako m'chaka cha 1886 ndi kukopeka ndi mphepo yake. Nkhani yotere ku Malaŵi kuno si yatsopano. Amishoni a Livingstonia anayambira ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo malungo ndi kutentha kwa kunyanja zitawatopetsa anakwera phiri la Khondowe mu 1894. Azungu a boma nawo anali ndi tinyumba tawo pamwamba pa phiri la Zomba.

Munthu wa kwa Zulu atamva za Karuizawa akhoza kumwetulira. Malo amene anthu a ku Tokyo amawalipirira ndalama zambiri kuti akapumeko ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene boma la Mchinji lili pa mamita pafupifupi 1,200. Kunena kwina, iye anabadwira kale kumene ena amathawira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumadambo a mtsinje wa Bua kumacha ndi nkhungu, ndipo ana opita kusukulu amayenda atapinda manja m'khwapa. Kutentha kwenikweni kumayamba kumapeto kwa Seputembala, kumakula mu Okutobala, ndipo kumatha pokhapokha mvula itagwa. Tsono maulendo awiri akuluakulu a anthu a kumeneko akhala uku ndi uku kwa nyengo yotenthayo, wina isanafike, wina itapita.

Woyamba ndi wa ku Kulamba, mwambo wa Acheŵa umene umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, kufupi ndi boma la Katete m'dziko la Zambia, kulikulu kwa Kalonga Gawa Undi. Mwezi umenewu unakhala bwino m'njira zambiri. Chimanga chili m'nkhokwe, mtedza ndi soya zagulitsidwa, ndipo alimi a fodya ambiri alandira zawo kuchokera ku okushoni. Ana ali pa tchuthi. Misewu yafumbi yauma, mitsinje yaphwa mwakuti njinga imaoloka popanda kuinyamula. Chisanu chatha mphamvu koma dzuwa silinayambe kuluma, ndiye kuti munthu akhoza kugona panja atafunda chitenje chimodzi, nadzuka wamoyo. Mlimi wa ku Mchinji alibe sabata ina m'chaka imene angachoke pakhomo masiku atatu popanda munda kumudandaula.

Wina akhoza kufunsa kuti anthu a mfumu yachingoni akukatani kumwambo wa Acheŵa. Funso limeneli yankho lake lili m'mbiri. Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Zwangendaba atamwalira kumpoto, m'dziko la Afipa, mtundu unagawikana, ndipo mwana wake Mpezeni anadzakhazikika m'dziko la mapiri limene lero kuli Chipata ndi Mchinji. Dzikolo silinali lopanda eni. Munali Acheŵa, ndipo mfumu yawo yamphamvu kumbali ya Mchinji inali Mkanda, amene anthu ake analawa nthungo za Angoni. Koma nkhondo ikatha anthu amakwatirana. Ankhondo achingoni anatenga akazi achicheŵa ndi achinsenga, ndipo ana anakula akulankhula chilankhulo cha amai awo. N'chifukwa chake lero Chingoni chenicheni chatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mau otamanda mafumu, pamene pamsika wa pa Kamwendo aliyense akutsatsa malonda m'Chicheŵa.

Apa pali chinthu chimene chiyenera kumveka bwino. Kwa Acheŵa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume ake. Kwa Angoni mwana ndi wa bambo, makamaka ngati ng'ombe za lobola zinaperekedwa. Tsono mwana wobadwa kwa bambo wachingoni ndi mai wachicheŵa, mbali zonse ziwiri zimamuwerenga kuti ndi wawo, ndipo palibe imene ikunama. Ana otere kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ndi ochuluka. Si zachilendo kuona pakhomo limodzi agogo aakazi akusoketsa chitenje cha ku Mkaika mu Ogasiti, kenaka mu Febuluwale agogo aamuna akupukuta chishango cha ku Mtenguleni, mdzukulu n'kuperekeza onse awiri. Zidzukulu za ogonjetsa ndi za ogonjetsedwa zinasanduka munthu mmodzi, ndipo munthu ameneyo ali ndi kwawo kuwiri, konse kutsidya kwa malire.

Malirewo anawalemba ndi azungu, potsata msana wa mapiri pamene madzi amagawikana. Mvula yogwa kum'mawa kwa msanawo imatsikira mu Bua, nikathira m'nyanja ya Malaŵi kufupi ndi Nkhotakota. Yogwa kumadzulo imatsikira ku Luangwa. Pamapu mzere umenewu umaoneka wanzeru, koma pansi unadutsa pakati pa midzi, minda ndi manda. Boma la kuno analitcha Fort Manning, la kutsidya Fort Jameson, maina amene anachotsedwa maiko awiriwa atalandira ufulu. Ndipo madzi aja amene anawalekanitsa pamsana paja amakakumananso: a m'nyanja amatuluka ndi Shire, a Luangwa amatsika okha, onse n'kukathira mu Zambezi.

Ulendo wa ku Mkaika umayamba Lachinai kapena Lachisanu. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika pachipata cha Mwami ndi makilomita pafupifupi 12 okha, ndipo ambiri amafikapo pa kabaza kapena pa matola. Kale munthu ankaima kawiri, kwa a boma la Malaŵi ndi kwa a boma la Zambia, koma mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko awiriwa, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegula nyumba imodzi yoonera ziphaso za mbali zonse. Komabe nyumba yatsopano sichotsa lamulo lakale. Wopita kumwambo ayenera kukhala ndi chiphaso choyenera, ndipo amene amazembera m'tinjira ta m'minda poti kutsidya kuli azakhali awo, amakaona zakuda akakumana ndi apolisi pa msewu wa ku Katete. Palinso nkhani ya ndalama. Maiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha, koma kufanana kwake n'kwa dzina lokha, ndipo mlimi amene sanafunse mtengo wosinthira asananyamuke amabwerako akuwerenga zala.

Kupitirira Mwami msewu umalowa mu Chipata, kenaka umakhotera kumadzulo pa msewu waukulu wopita ku Lusaka, makilomita opitirira 80 kukafika ku Katete. Masiku amenewo msewuwo umadzaza ndi malole onyamula anthu, ng'oma zitamangidwa pamwamba, amai akuimba njira yonse. N'zokongola kuziona, koma lole yopangidwira matumba a chimanga ikanyamula anthu mpaka ena kukhala pa mpanda wake miyendo ili panja, kukongolako kumatha msanga. Mafumu ndi a bungwe la Chewa Heritage Foundation, amene amasonkhanitsa anthu a mbali ya Malaŵi, angachite bwino kuiyang'anitsitsa nkhani imeneyi monga momwe amayang'anira za mphatso.

Mwambo wa Kulamba ndi wakale. Undi anachoka ku Mankhamba, likulu la ufumu wa Maravi kufupi ndi Mtakataka, nakakhazika ufumu wake ku Mano, m'dziko limene lero ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo mpando wake unasamukira ku Zambia m'zaka za m'ma 1930. Mafumu a pansi pake ankabwera kudzalamba, ndiko kuti kudzagwada, kudzapereka mitulo, ndi kudzanena mmene anthu awo akukhalira: kaya kuli njala, kaya kuli nthenda, kaya kuli mkangano wa malo. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, ndipo unakhala chigonere zaka 50 mpaka Kalonga Gawa Undi wa nambala 10 anautsitsimutsa mu 1984. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mu 2007 pabwalo la Mkaika panakhala atsogoleri a maiko atatu nthawi imodzi, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, alendo a mfumu imene agogo ake analetsedwa kulandira ngakhale nkhuku ya mtulo.

Wofika ku Mkaika Lachisanu madzulo amapeza mudzi utasanduka mzinda wa misasa yaudzu. Utsi wa nyama yootcha, fumbi, ng'oma kumbali iyi ndi zimkuzamau kumbali iyo. Anthu a ku Kasungu akumanga msasa pafupi ndi a ku Angonia, a ku Dedza akubwereka moto kwa a ku Chadiza, ndipo onse akumvana popanda womasulira, ngakhale kuti aliyense amaseka kalankhulidwe ka mnzake. Loweruka m'mawa mafumu amalowa m'bwalo dziko ndi dziko, khamu likufuula kuti "Yoo Gawa!" Anamwali amatuluka atavala mikanda, navina moonetsa kuti anamkungwi sanagone. Kenaka bwalo limakhala la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chimodzi mwa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Makanja amayenda pamwamba pa mitu ya anthu, akapoli amatifula fumbi, kasiyamaliro amazungulira mwaulemu wake. Midzi imapikisana mosanena, ndipo kwa miyezi ingapo pambuyo pake anthu a ku Mchinji amakhala akutsutsana pa bawo kuti gule amene anaposa anachokera kuti.

Pali chimodzi chimene anthu okonda mwambowu amadandaula nacho pobwerera, ndicho kutalika kwa zolankhula. Nduna ndi akuluakulu a ndale akagwira chimkuzamau saona kuti dzuwa lafika paliwombo, ndi kuti mai amene wayenda makilomita oposa 100 ndi mwana kumbuyo sanabwerere iwo. Ngakhale Ogasiti ndi mwezi wofatsa, masana a ku Katete pabwalo lopanda mthunzi si masewera. Odziwa amanyamula chigubu cha madzi kapena cha thobwa, chipewa ndi ambulera, ndipo okalamba amawapezera pokhala m'mawa khamu lisanathinane.

Mu 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, Kulamba sikunachitike. Chaka chomwecho ngolo za ku Kyoto nazo sizinatuluke, ngakhale kuti mwambo wake unayambira pa kuthamangitsa mliri. Mabwalo awiri otalikirana chotere anakhala zii chifukwa cha nthenda imodzi.

Anthu akabwerako ku Mkaika nyengo imayamba kusintha. Mitengo ya m'mapiri a Mchinji imaphuka masamba ofiira, moto wolusa umayamba kuoneka usiku m'mbali mwa phiri, ndipo kumwamba kumachita chifunga cha utsi. Masabata amenewa ndi a ziliza ndi zikumbutso za omwalira. Ana a pamudzi ogwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre, ngakhale ku Johannesburg amabwera ndi matumba a simenti ndi a shuga, kumanda kumalambulidwa, mowa umaphikidwa, ndipo m'midzi yachicheŵa gule amatuluka. Mjapani wozolowera Obon atafika pamwambo wotere sangafunse zambiri. Angazindikire yekha kuti amene akuchezeredwa ndi eni mudzi ogona kumsitu.

Tsono Okutobala akafika maulendo amatha. Azungu akale mwezi umenewu ankautcha mwezi wodzikhweza, ndipo amene anali ndi mwai ankathawira ku Zomba kapena ku Dedza. Mlimi wa kwa Zulu alibe kothawira, ndipo ngakhale kukanakhalako sakanapita, pakuti mwezi wotentha koposa ndi womwenso uli ndi ntchito yosadikira. Mizere iyenera kukhala itagalauzidwa mvula yoyamba isanagwe. Nazale ya fodya imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo ikaphonya masiku awiri yapita. Denga lofuna udzu liyenera kufoleredwa. Zitsime za m'madambo zimatsika, amai n'kumalawirira kumjigo nyenyezi zikadaoneka. Nyenje zimalira tsiku lonse ngati zikuwerengera anthu masiku otsala.

Kuthawa kutentha kwa mlimi n'kwa maola. Amadzuka tambala woyamba, nalima kukadali kachisisira, ndipo dzuwa likafika pamutu khasu limakhala litapachikidwa kale. Ulendo wake wothawa dzuwa ndi wa mapazi makumi awiri, kuchoka pakhonde kukafika patsinde pa mango kapena pa kachere wa pabwalo, pamene pali mphasa, mtsuko wa madzi ozizira ndi chipanda cha thobwa. Zimene Mjapani amazifuna pokwera sitima kupita ku Karuizawa, uyu amazipeza pansi pa mtengo umene anabzala agogo ake.

Apa ndi pamene pagona nkhawa. Mthunzi umenewu ukuchepa. Nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, kumene kumachokera mitsinje yothirira madimba a m'munsi, yadyedwa kwambiri ndi makala, mauvuni a njerwa ndi mitengo yomangira zigafa za fodya. Matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe ndi umboni woti aliyense wodutsa amauona. Ndipo dzuwa nalo likunka likulirakulira. Mu Okutobala 2023 a nthambi yoona zanyengo anachenjeza dziko lonse za kutentha kopitirira madigiri 40 m'madera a m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo ngakhale kumtunda kumene anthu sazolowera zotere anagona panja. Wootcha makala sachita izi chifukwa chodana ndi mitengo. Amatero chifukwa feteleza wakwera mtengo ndipo ana akufuna fizi. Koma mudzi umene wadula kachere wake wadzitsekera wokha malo okhawo othawirako mu Okutobala, ndipo ulibe sitima yopita kumapiri ena.

Nkhani ya fetelezayo imakhudzanso ulendo wa Ogasiti uja. Ndalama imene imapita ku Mkaika ndi yomweyo imene imafunika mu Novembala. Mabanja ambiri anaphunzira kugula thumba la feteleza ndi mbeu asanakwere lole, kuti zotsala zokha ndizo zikaone gule. Ena sanaphunzirebe, ndipo amadziwika ndi chitenje chatsopano ndi chimanga chachikasu.

Mvula ikagwa, dziko likazizira, chimanga chikamasula ngaiyaye, umafika ulendo wachiwiri. Umenewu ndi wa ku Nc'wala, mwambo wa Angoni a Mpezeni, umene umachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, pa msewu womwe uja wa ku Katete koma kufupi ndi Chipata. Kwa anthu a Inkosi Zulu uwu ndi ulendo wopita kwa mwini ufumu, pakuti mafumu achingoni a ku Mchinji ndi nthambi ya nyumba ya Mpezeni, ndipo malire a azungu sanadule chibale chimenecho.

Nc'wala nayo inalawa chiletso, ndipo chake chinali chowawa kuposa cha Kulamba. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi, ambiri a iwo ochokera mbali ya Nyasaland, anathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Nthungo sizinathe kulimbana ndi mfuti zamakina. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa ndi kuomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mwambo umene unkasonkhanitsa ankhondo pamodzi unathetsedwa. Unadzabweranso mu 1980, patapita zaka 82. Pa nthawiyo panalibe munthu amene anauvinapo ali wamkulu. Anaumanganso kuchokera m'zimene nkhalamba zinamva kwa makolo awo, ndi m'nyimbo zimene anthu ankaimba osadziwanso tanthauzo la mau ake onse.

Mutu wa mwambowu ndi zipatso zoyamba za m'munda. Mwa chikhalidwe chachingoni munthu sayenera kudya zam'munda zatsopano mfumu isanalawe. Choncho Mpezeni amachoka kunyumba yake ya ku Ephendukeni, naperekezedwa ndi khamu kudutsa mu Chipata mpaka ku Mtenguleni. Kumeneko amalawa chimanga chachiwisi, dzungu ndi mzimbe, nathokoza Mulungu ndi mizimu ya makolo chifukwa cha mvula. Ng'ombe yamphongo yakuda imalasidwa ndi nthungo, ndipo mfumu imamwa magazi ake pamaso pa anthu. Magulu a ngoma ochokera kwa mafumu osiyanasiyana amalowa m'bwalo atavala zikopa za nyama ndi nthenga kumutu, zishango ndi zibonga m'manja, amai akuomba m'manja ndi kululutira kumbuyo kwawo. Ngoma yachingoni ilibe ng'oma yoimba ndi manja. Ng'oma yake ndi nthaka, ndipo amuna mazana akaponda pamodzi munthu amaimva m'chifuwa. Mfumu ikaimirira bwalo lonse limayankha kuti "Bayethe!"

Ulendo wa Febuluwale ndi wosiyana ndi wa Ogasiti pa chilichonse. Fumbi lija lasanduka matope. Malole amatitimira m'misewu ya kumidzi asanafike n'komwe pa phula, ndipo ambulera imene inatchinga dzuwa ku Mkaika tsopano ikutchinga mvula. M'matumba mulibe kanthu, pakuti ino ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapenya kumwamba, ndipo fodya akufuna kuthyola ndi kusoka. N'chifukwa chake ambiri a ku Mchinji sagonako masiku ambiri. Ubwino wake Mtenguleni ndi pafupi, ndipo munthu akhoza kunyamuka m'bandakucha, naona mwambo, nabwerera tsiku lomwelo chipata chikadali chotsegula.

Obwerawo amafika kwa Zulu usiku, zikopa zitanyowa, mau atasasa ndi kuimba. M'mawa mwake ana amatumidwa kumunda ndi dengu, ndipo pofika masana pamakomo ambiri pamakhala pakununkhira mondokwa wootcha ndi maungu a mumphika.